Msonkho Umene Unalekanitsa Britain ndi America

Boma liri lonse pa dziko lapansi lifuna ndalama kuti ligwire nchito zace. Misewu, maulalo, masukulu, zipatala ndi malipiro a asilikari, zonsezi zilira ndalama, ndipo ndalamazo zicokera kwa anthu mwa njira ya msonkho. Munthu wanzeru sadabwa nazo zimenezi, pakuti adziwa kuti mseu sudzilambula wokha. Koma pali funso limodzi limene labvutitsa mitundu yambiri ya anthu, ndilo ili: kodi ndani ayenera kunena kukula kwa msonkho umene anthu adzapereka? Funso limeneli linadanitsa anthu a cinenero cimodzi ndi a Mfumu imodzi, linabala nkhondo ya zaka 8, ndipo pa mapeto pace panabadwa dziko latsopano lochedwa United States of America.

Makoloni 13

M'caka ca 1607 Angerezi anaoloka nyanja yaikulu ya Atlantic namanga mudzi wa Jamestown m'dziko la Virginia. M'caka ca 1620 ena anafika ndi combo cochedwa Mayflower namanga pa Plymouth. Pambuyo pace anabwera anthu ambiri-mbiri, ena kufuna minda, ena kufuna malonda, ndi ena kuthawa mazunzo a cipembedzo kwao. Iwo anakhala m'mbali mwa nyanja, pa malo amene analanda kapena kugula kwa eni dziko amene anawapeza komweko. Kolowera kwace panakhala maiko ang'ono 13 ochedwa makoloni, kuyambira New Hampshire kumpoto kufikira Georgia kumwera.

Makoloni onsewa anali pansi pa Mfumu ya ku Britain, ndipo ambiri a iwo anali ndi Bwanamkubwa woikidwa ndi Mfumuyo. Koma London inali kutali, mtunda wa mailosi ngati 3,000, ndipo combo ca mathanga cinali kutha masabata 6 kapena 8 pa nyanja. Cifukwa ca ici koloni iri yonse inali ndi bwalo lace la malamulo, m'mene munali kukhala amuna osankhidwa ndi anzao. Bwalo loyamba lotere linakhala m'Virginia m'caka ca 1619. Mabwalo amenewa ndiwo anali kuika misonkho ya m'dziko, ndipo m'makoloni ambiri ngakhale malipiro a Bwanamkubwa anali kucokera kwa iwo. Motero kwa zaka zoposa 100 anthu a m'makoloni anazolowera kuti thumba lao limasulidwa ndi anthu ao okha.

Ngongole ya Nkhondo

Kuyambira 1754 Angerezi ndi Afalansa anamenyana m'America kulimbirana dziko, ndipo nkhondoyo inafalikira ku Europe ndi ku India. Inatha m'caka ca 1763, Britain atapambana ndi kutenga Canada. Koma kupambanako kunali kwa mtengo wapatali. Ngongole ya Boma la Britain inakula kufikira kupitirira mapaundi 120,000,000. Ndiponso nduna za Mfumu George III zinaganiza kusiya asilikari ngati 10,000 m'America kuti alonde maiko atsopanowo, ndipo asilikari afuna cakudya, zobvala ndi malipiro caka ndi caka.

Nduna Yaikulu, George Grenville, anayang'ana mabuku a ndalama naona kuti munthu wa ku Britain anali kupereka msonkho waukulu kopambana, pamene mbale wace wa ku America anali kupereka wocepa ndithu. Tsono iye anaganiza kuti kunali koyenera kuti a ku America athandizeko kulipira asilikari owalonda. M'caka ca 1764 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika lamulo la shuga. Kalekale panali msonkho wa makobiri 6 pa galoni ya manyuci a nzimbe ocokera ku zisumbu za alendo, koma amalonda anali kuuzemba mwa kulowetsa katundu mobisa kapena kupatsa okhometsa kangacepe. Grenville anautsitsa msonkhowo kukhala makobiri 3, koma analamula kuti tsopano ukhometsedwe ndithu, ndi kuti zombo za nkhondo zigwire ozembetsa katundu. Amalonda anadandaula, koma moto weni-weni unali usanayake.

Msonkho wa Cidindo

M'mwezi wa March, 1765, Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lina, la msonkho wa cidindo. Lamuloli linati, kuyambira pa 1 November caka comweco, manyuzipepa, makalata a milandu, makalata ogulira malo, zilolezo za malonda, ngakhale makadi a njuga, zonse zikhale pa pepala lodindidwa cidindo ca Boma, ndipo pepalalo ligulidwe ndi ndalama za Britain, zimene zinali zosowa m'makoloni. Munthu wolakwira lamuloli anatha kuweruzidwa m'bwalo la milandu ya pa nyanja, m'mene woweruza anali kugamula yekha, popanda anansi 12 aja amene mwa mwambo wa Angerezi amamva mlandu ndi kunena ngati munthu wacimwa.

Msonkho uwu unasiyana ndi wa shuga. Wa shuga unali kukhomedwa pa doko, ndipo anaumva kuwawa ndi amalonda makamaka. Wa cidindo unalowa m'mudzi uli wonse, ndipo unakhudza kwambiri anthu odziwa kulankhula ndi kulemba, ndiwo osindikiza manyuzipepa ndi oimirira anthu pa milandu. M'bwalo la Virginia mnyamata wina wodziwa malamulo, dzina lace Patrick Henry, anaimirira nanena kuti palibe wina ali ndi mphamvu ya kukhometsa anthu a m'Virginia koma bwalo lao lokha. Mau ace anasindikizidwa m'makoloni ena, ndipo anthu anawalandira ndi manja awiri.

Mlandu Unali Pati?

Kuti timvetse nkhaniyi tiyenera kumva mbali zonse ziwiri, monga acita akulu pa bwalo.

A ku America anati iwo ndi Angerezi, ndipo mwambo wakale wa Angerezi uti cuma ca munthu sicitengedwa ndi Boma koma iye atabvomera, yekha kapena mwa pakamwa pa munthu amene anamsankha. Tsono m'Nyumba ya Malamulo ya ku London munalibe ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi makoloni. Ndiye mfuu yao inali yakuti, popanda wotiimirira pasakhalenso msonkho. Iwo anaona kuti mamembala a ku London, poika msonkho pa America, sanali kudzisenzetsa okha katunduyo, koma anali kudzipeputsira wao. Munthu amene sasenza mtolo sadziwa kulemera kwace, ndipo sadzaleka kuonjezapo nkhuni. Ngati lero atenga kobiri osafunsa, cidzawaletsa nciani kutenga ng'ombe mawa?

A ku London anayankha kuti Nyumba ya Malamulo iri ndi mphamvu pa anthu onse a Mfumu kuli konse ali. Anatinso ngakhale m'Britain momwemo anthu ambiri sanali kusankha, ndipo midzi yaikulu monga Manchester ndi Birmingham inalibe mamembala aceace, koma inali kupereka msonkho. Pakuti membala ali yense aganizira ubwino wa ufumu wonse. A ku America sanakhutire ndi yankho ili. Iwo anati membala wokhala m'Britain alipira msonkho womwewo umene alipira munthu wa ku Manchester, ndipo akumana naye pa mseu. Koma munthu wa ku Boston samuona konse, ndipo kulira kwace sakumva.

Motero tiona kuti mlandu sunali pa kukula kwa ndalama. Unali pa funso lakuti mwini mphamvu ndani.

Njira Zokanira

Anthu anakana mwa njira zitatu. Yoyamba inali ya ciwawa. M'mwezi wa August, 1765, khamu la anthu m'Boston linapacika pa mtengo cifanizo ca Andrew Oliver, amene anasankhidwa kugulitsa mapepala a cidindo, niliononga nyumba yace. Iye anacita mantha naleka nchitoyo. Patapita masiku owerengeka anapasulanso nyumba ya Thomas Hutchinson, waciwiri kwa Bwanamkubwa. M'midzi yambiri munabuka magulu odzicha Sons of Liberty, ndiko kunena kuti Ana a Ufulu, ndipo pofika 1 November kunali kobvuta kupeza munthu wolimba mtima kugulitsa mapepalawo.

Njira yaciwiri inali ya upo. M'mwezi wa October, 1765, nthumwi za makoloni 9 zinasonkhana mu New York nizilemba madandaulo kwa Mfumu ndi kwa Nyumba ya Malamulo. Ici cinali cinthu cacilendo, pakuti kufikira nthawi imeneyo makoloni anali kukangana okha-okha za malire ndi za malonda.

Njira yacitatu, imene inapambana zonse, inali ya kukana kugula. Amalonda a ku New York, Philadelphia ndi Boston anapangana kuti saitanitsanso katundu wa ku Britain kufikira lamulolo litacotsedwa. Posacedwa amalonda a ku London, Bristol ndi Liverpool anaona katundu wao alikuunjikana wopanda womgula, ndipo iwo eni anayamba kudandaulira Nyumba ya Malamulo. William Pitt, mmodzi wa akulu omveka a Britain, ananena poyera kuti Nyumbayo inalibe mphamvu ya kukhometsa makoloni. Benjamin Franklin wa ku Pennsylvania anaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pa mamembala, nawacenjeza kuti anthu sadzalipira. Tsono m'mwezi wa March, 1766, msonkho wa cidindo unacotsedwa. Ku America kunali cimwemwe ndi kuliza mabelu. Koma tsiku lomwelo Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lina lonena kuti iri nayo mphamvu ya kulamulira makoloni pa zinthu zonse. Anadula mtengo, koma citsa cinatsala.

Mwazi m'Boston

Citsaco cinaphuka m'caka ca 1767. Charles Townshend, nduna ya za ndalama, anaika msonkho wa pa doko pa magalasi, mtobvu, utoto, mapepala ndi tiyi. Zina za ndalamazo zinali zolipira Abwanamkubwa ndi oweruza, kuti asadalirenso mabwalo a makoloni. Anthu anazindikira msanga tanthauzo lace: Bwanamkubwa amene sadya za m'manja mwao sadzawamveranso. Anayambanso kukana kugula, ndipo pa nkhondo imeneyi akazi ndiwo anali patsogolo. Iwo anali kusonkhana kupota thonje ndi ubweya ndi kuomba nsaru zao, naleka kumwa tiyi wa Angerezi, namaphika masamba a zitsamba za kwao.

M'caka ca 1768 Boma linatumiza asilikari kukakhala m'mudzi wa Boston. Anthu anadana nao, ndipo kutukwanizana ndi ndeu sizinali kutha. Usiku wa pa 5 March, 1770, khamu linazinga asilikari owerengeka ndi kuwaponya miyala, zibonga ndi mibulu ya cipale. Asilikariwo anaomba mfuti, ndipo anthu 5 anafa. Mmodzi wa iwo anali Crispus Attucks, munthu wa nchito za m'zombo, amene makolo ace ena anacokera ku Africa. Pa mlandu wace, John Adams, ngakhale anali wotsutsa misonkhoyo, anabvomera kuimirira asilikariwo, pakuti anakhulupirira kuti ndi mdani yemwe ayenera kuweruzidwa molungama. Ambiri a iwo anamasulidwa.

Caka comweco Nduna Yaikulu yatsopano, Lord North, anacotsa misonkho ya Townshend, kupatula umodzi wokha, wa tiyi. Unali wa makobiri 3 pa paundi ya tiyi, ndiyo ndalama yaing'ono imene makolo athu anali kuicha tiki. Iye anausiya dala kuti ukhale cizindikilo cakuti London iri nayobe mphamvu.

Tiyi m'Nyanja

Kunali kampani yaikulu ya Angerezi yochedwa East India Company, imene inali kugula tiyi ku China. Pofika 1773 inali m'mabvuto a ndalama, ndipo nyumba zace zosungiramo katundu zinadzala ndi tiyi wosagulidwa. Pofuna kuipulumutsa, Boma linailola kutumiza tiyi ku America ndi kumgulitsa mwa anthu ace osankhika pa mtengo wotsika. Lord North anayesa kuti anthu adzakondwera ndi kuchipako, nadzalipira tiki uja osadandaula. Koma atsogoleri a makoloni anaona nyambo pa mbedza. Amalonda a m'makoloni, ndi ozembetsa tiyi wa ku Holland omwe, anaopanso kuti malonda ao adzafa.

Ku New York ndi ku Philadelphia zombo za tiyi zinabwezedwa. Ku Charleston tiyi anatsitsidwa natsekeredwa m'nyumba. Koma ku Boston, kumene kunafika zombo zitatu, Dartmouth, Eleanor ndi Beaver, Thomas Hutchinson, amene tsopano anali Bwanamkubwa, anakana kuti zibwerere msonkho usanalipidwe. Pa 16 December, 1773, anthu zikwi anasonkhana pamodzi ndi mtsogoleri wao Samuel Adams. Atamva kuti Bwanamkubwa wakanitsitsa, amuna ena anadzidetsa kumaso nabvala monga anthu a mtundu wa Mohawk kuti asadziwike, nakwera m'zombozo usiku, naswa mabokosi 342 ndi nkhwangwa, nataya tiyi yense m'nyanja. Katundu wina wa m'zombo sanamuononge.

Cilango ndi Nkhondo

Mbiri itafika ku London, Mfumu ndi nduna zace anapsa mtima. M'caka ca 1774 anaika malamulo a cilango. Doko la Boston linatsekedwa kufikira tiyi atalipidwa. Mphamvu zambiri za anthu a m'Massachusetts za kudzisankhira atsogoleri zinalandidwa. Misonkhano ya m'midzi inaletsedwa popanda cilolezo. Ndipo mkulu wa asilikari, Thomas Gage, anaikidwa kukhala Bwanamkubwa. Boma linayesa kuti makoloni ena adzaopa ndi kusiya Boston yekha. Koma iwo anakumbukira kuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Anatumiza mpunga, ufa ndi nkhosa kudyetsa anthu a m'Boston amene nchito zao zinaima, ndipo m'mwezi wa September nthumwi za makoloni 12 zinasonkhana m'Philadelphia nizipangana kuleka malonda ndi Britain.

Ngakhale pamenepo ambiri sanali kufuna kupatukana ndi Mfumu. Anangofuna kuti zinthu zibwerere monga zinaliri kale. M'Nyumba ya Malamulo Edmund Burke anadandaulira anzace kuti aleke kuumirira pa mphamvu yao ndi kuyanjana ndi makoloni. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwo sanamvere.

Usiku wa pa 18 April, 1775, asilikari ngati 700 anacoka ku Boston kukalanda mfuti ndi wonga zimene anthu anabisa pa Concord. M'mawa mwace, pa 19 April, pa mudzi wa Lexington anakumana ndi alimi onyamula mfuti. Mfuti zinalira, ndipo a ku America 8 anafa. Pobwerera, asilikariwo anaomberedwa njira yonse ndi anthu obisala kuseri kwa mitengo ndi mipanda ya miyala. Nkhondo inayamba motero. George Washington wa ku Virginia anasankhidwa kutsogolera ankhondo a makoloni, ndipo pa 4 July, 1776, nthumwi zinabvomereza kalata yolembedwa ndi Thomas Jefferson, yolengeza kuti makoloni 13 ali pa ufulu. Pakati pa milandu imene kalatayo inaneneza Mfumu panali uwu wa kukhometsa anthu msonkho iwo osabvomera.

M'caka ca 1778 Nyumba ya Malamulo inalonjeza kuti sidzaikanso msonkho wopezera ndalama pa makoloni, koma madzi anali atatayika kale. Caka comweco Afalansa analowa nkhondo kuthandiza America. M'caka ca 1781 gulu lalikulu la Angerezi linagonja pa Yorktown, ndipo m'caka ca 1783, pa pangano la ku Paris, Britain anabvomera kuti United States ndi dziko loima palokha. Boma limene linafuna makobiri linataya makoloni 13.

Amene Ufuluwo Sunawafike

Tisayese kuti onse anakondwera. Anthu zikwi zambiri amene anakhala okhulupirika kwa Mfumu analandidwa cuma nathawira ku Canada ndi ku maiko ena. Eni dziko oyamba anataya malo ao ambiri, pakuti dziko latsopanolo linakula kulowera kumadzulo. Ndiponso pa anthu 5 ali onse a m'makoloni, mmodzi anali kapolo wa mtundu wa ku Africa. Washington ndi Jefferson omwe, amene analankhula za ufulu, anali ndi akapolo, ndipo ukapolo sunathe m'United States kufikira 1865. Akapolo ena anathawira kwa Angerezi, amene anawalonjeza ufulu. Nkhondo itatha anatengedwa kunka ku Nova Scotia, ndipo m'caka ca 1792 oposa 1,000 a iwo anaoloka nyanja namanga mudzi wa Freetown m'Sierra Leone.

Msonkho nawo sunathe. Boma latsopano linali ndi ngongole zace, ndipo m'caka ca 1791 linaika msonkho pa mowa wocezedwa. Alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania ataukana mwa ciwawa m'caka ca 1794, Washington, amene tsopano anali Pulezidenti, anasonkhanitsa ankhondo kukawaletsa. Kusiyana kwace kunali kwakuti msonkho uwu unaikidwa ndi nyumba ya malamulo yosankhidwa m'dziko momwemo, ndipo osakondwa nawo anali ndi njira ya kusankha anthu ena. Patapita zaka zowerengeka unacotsedwa mwa njira yomweyo.

Funso lija linamvekanso m'dziko lathu lino pamene linali pansi pa Britain. M'mwezi wa May, 1935, anchito a pa migodi ya Mufulira, Nkana ndi Luanshya analeka nchito atamva kuti msonkho wao wakwezedwa, ndipo pa Luanshya anthu 6 anaomberedwa nafa. Masiku amenewo m'bwalo la malamulo la dziko lino munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Makolo athu anali eni dziko, pamene a ku America aja anali obwera. Koma dandaulo linali limodzi. Wopereka msonkho ayenera kukhala ndi liu pa kuikidwa kwace, ndiponso ayenera kufunsa kumene ndalama zace zapita.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Boma la Britain linafuna ndalama kwa makoloni itatha nkhondo ya 1763?
2. Fotokozani kusiyana kwa msonkho wa shuga ndi msonkho wa cidindo.
3. Chulani njira zitatu zimene anthu anakanira msonkho wa cidindo. Ndi iti inapambana, ndipo cifukwa ninji?
4. Tiyi wa 1773 anali wochipa. Nanga anthu anamkaniranji?
5. Ndi anthu ati amene sanapindule ndi ufulu wa 1783?
6. Mukadakhala nduna ya Mfumu George III m'caka ca 1774, mukadampatsa uphungu wotani?